Jim Henson ndi Luso Loumba Mtengambali

Mawu otsogolera

Wophunzira, funso limene limagwetsa anthu ambiri pa mayeso a Chichewa ndi lija limati, "Fotokozani khalidwe la mtengambali wakutiwakuti." Ambiri akaliona amathamangira kulemba maonekedwe: adali wamtali, adali wosauka, ankavala sanza. Ena amangolemba liwu limodzi monga "wankhanza" kapena "wachifundo" n'kusiyira pomwepo osapereka umboni. Mayankho oterewa sabweretsa malikisi ambiri chifukwa khalidwe si nkhope kapena chovala. Khalidwe limaoneka pa zimene mtengambali akufuna, zimene akuchita kuti azipeze, ndi mmene akukhalira ndi anzake.

Kuti mfundoyi imveke bwino, m'mutu uno tichoka pang'ono m'mabuku athu ndi kuona ntchito ya Jim Henson, katswiri wa ku America wa masewero a zidole pa wailesi yakanema ndi m'mafilimu. Tamusankha dala. Atengambali a Henson ndi nsalu, siponji ndi timawaya basi, ndipo ambiri mwa iwo maso awo saphethira n'komwe. Ngati chinthu chotere chikutha kuseketsa ndi kuliza anthu akuluakulu, ndiye kuti mphamvu ya mtengambali siili m'maonekedwe. Tiona mmene Henson adachitira izi, kenako tionenso pamene adapunthwa.

Mbiri yake mwachidule

Jim Henson adabadwa pa 24 Sepitembala 1936 ku Greenville m'chigawo cha Mississippi. Adakulira ku Leland, kenako banja lawo lidasamukira ku Maryland, pafupi ndi mzinda wa Washington. Mu 1955, ali wophunzira pa yunivesite ya Maryland, iye ndi Jane Nebel, yemwe adadzakhala mkazi wake mu 1959, adayamba pulogalamu ya mphindi zisanu yotchedwa Sam and Friends. Pulogalamuyi idaulutsidwa mpaka 1961, ndipo m'menemo ndi mmene mudabadwira Kermit. Henson adamusoka ndi chikhothi chakale cha mayi ake, ndipo maso adapangira kampira ka tenesi yapatebulo kodula pakati. Poyamba Kermit adali kanthu kooneka ngati buluzi. Uchule udabwera pambuyo pake. Zidole zakezi Henson adazitcha Muppets.

M'zaka zoyambirirazo ndalama ankazipeza potsatsa malonda, makamaka khofi wa Wilkins. Mu 1969 adavomera pempho la Joan Ganz Cooney loti zidole zake zilowe m'pulogalamu yophunzitsa ana ya Sesame Street, yomwe idayamba pa 10 Novembala chaka chomwecho. Ana adazikonda, koma Henson ankada nkhawa kuti anthu azimuona ngati wosangalatsa ana okha. Makampani akuluakulu a wailesi yakanema ku America atakana ganizo lake la pulogalamu ya banja lonse, Lew Grade wa ku Britain ndiye adapereka ndalama. Motero The Muppet Show idajambulidwa ku England n'kuulutsidwa kuyambira 1976 mpaka 1981, zigawo 120. Pambuyo pake padabwera mafilimu monga The Muppet Movie (1979), The Dark Crystal (1982) ndi Labyrinth (1986), komanso mapulogalamu a Fraggle Rock ndi The Storyteller. Henson adamwalira ku New York pa 16 Meyi 1990 ali ndi zaka 53, atadwala mwadzidzidzi matenda oyamba ndi mabakiteriya.

Malo ochitikira sewero

Kuyambira kale, masewero a zidole ankachitikira m'kabokosi kokhala ndi katani. Wosewera ankabisala kuseri, zidole n'kumasuzumira pamwamba. Wailesi yakanema itabwera, mapulogalamu ambiri ankangoloza kamera pa kabokosiko. Henson adaona kuti kabokosiko n'kosafunika, chifukwa kamera ili kale ndi malire ake: chimene chili kunja kwa chithunzi woonera sachiona. Choncho wosewera amangoima mmunsi mwa malirewo, dzanja lamanja lili m'mwamba m'kati mwa mutu wa chidole, lamanzere likuyendetsa timawaya tolumikizidwa ku manja a chidolecho. Maso ake sakhala pa chidole ayi, koma pa kawailesi yakanema kakang'ono komwe kali pansi. Pamenepo amaona zomwe woonera kunyumba adzaone. Zidole zina, monga Ernie ndi Fozzie, zimafuna anthu awiri: mmodzi mutu ndi dzanja limodzi, wina dzanja linalo.

Chinthu chachiwiri chimene Henson adasintha ndi zipangizo. M'malo mwa mtengo wosema adagwiritsa ntchito nsalu ndi siponji. Mutu wa Kermit ndi wofewa moti zala za wosewera zikapindika pang'ono, nkhope imakwinyika ngati ya munthu amene wakhumudwa koma sakufuna kuyankhula.

Zotsatira zake n'zakuti chidole chidatuluka m'kabokosi n'kuyamba kukhala kumene anthu amakhala. Kumayambiriro kwa The Muppet Movie timaona Kermit atakhala pachipika pakati pa dambo, akuimba banjo. Pojambula gawoli Henson adalowa m'chithanki chachitsulo pansi pa madzi, mpweya ukumupeza kudzera m'paipi, dzanja lili kunja m'kati mwa chule. Adavutikiranji chotere? Chifukwa woonera akaona madzi enieni ndi mitengo yeniyeni amakhulupirira kuti chuleyu ali ndi kwawo, ndipo akamachoka kwawoko ulendo wake umakhala ndi tanthauzo. Inunso mukafunsidwa za malo m'sewero kapena m'nthano, musangotchula dzina la mudzi. Fotokozani zimene malowo akuchita pa moyo wa mtengambali.

Atengambali: chofuna ndi chofooka

Kupatsa nyama kapena chinthu makhalidwe a munthu timati umunthu, ndipo mudakumana nawo kale m'nthano za Kalulu ndi Fisi. Komatu kuyankhulitsa nyama si luso palokha. Mwana aliyense woumba zidole zadothi amatero. Luso la Henson ndi anzake lidali kupatsa mtengambali aliyense chinthu chimodzi chimene akuchifunitsitsa, ndi chofooka chimodzi chimene chikumutchinga.

The Muppet Show imachitikira m'nyumba ya zisudzo yakale momwe gulu la zidole likuyesetsa kuonetsa zisangalalo sabata iliyonse. Kermit ndiye woyendetsa zinthu. Chofuna chake n'chakuti chionetsero chithe bwino, koma anthu amene akuwatsogolera ndi osamva. Timadziwa kuti ndi wopirira chifukwa amapepesa alendo ndipo amatonthoza okhumudwa. Timadziwanso kuti kupirira kwake kuli ndi malire chifukwa nthawi zina amaphulika n'kukalipa akugwedeza manja m'mwamba. Fozzie ndi chimbalangondo chofuna kuseketsa anthu, koma nthabwala zake sizigwira. Nkhalamba ziwiri, Statler ndi Waldorf, zimamunyogodola zili pakhonde lam'mwamba. Iye amachita manyazi, komabe sabata yotsatira amabweranso. Choncho amene angalembe kuti Fozzie ndi wolephera wanena theka chabe. Umboni ukuonetsanso kuti ndi wosataya mtima. Miss Piggy ndi nkhumba yofuna kutchuka ndi kukondedwa ndi Kermit. Amayankhula monyang'wa ngati dona, koma wina akangomunyoza amamugwetsa ndi karate. Ukali wakewo ukuulula mantha ake oti mwina anthu samuwerengera.

Mu Sesame Street muli Ernie ndi Bert, abwenzi okhala m'nyumba imodzi. Ernie, yemwe ankaseweredwa ndi Henson, ndi wamasewera; Bert, yemwe ankaseweredwa ndi Frank Oz, amakonda dongosolo ndi bata. Mukamuchotsa mmodzi, winayo sasangalatsanso, chifukwa khalidwe la aliyense limaonekera pa mnzake. Pali atengambali ena osasinthika, monga Cookie Monster yemwe dyera lake la mabisiketi limafanana ndi la Fisi pa nyama. Mtengambali wosasinthika si wolakwika. Ntchito yake ndi kukokomeza khalidwe limodzi kuti tiliseke ndi kulizindikira mwa ife tomwe.

Umboni wa mphamvu ya atengambaliwa udaoneka Sesame Street isadayambe kuulutsidwa. Akatswiri adalangiza kuti zidole zisamaoneke pamodzi ndi anthu, poopa kuti ana angasokoneze zoona ndi zopeka. Atayesa pulogalamuyi pa ana ku Philadelphia mu 1969, adapeza kuti ana ankatchera khutu zidole zikaoneka, koma chidwi chinkatha pakatsala anthu okha. Opanga pulogalamu adaphwanya langizo lija n'kuika Big Bird, chimbalame chachitali choganiza ngati mwana, kuti azikhala mumsewu momwemo pamodzi ndi anthu.

Mkangano ndi pampondachimera

Tiyeni tisanthule The Muppet Movie monga mmene tingasanthulire sewero. Kermit achoka kudambo kupita ku Hollywood ndi cholinga chosangalatsa anthu ambiri. M'njira akumana ndi Fozzie, Gonzo, Miss Piggy ndi ena, ndipo onse alowa nawo ulendo. Wotsutsana naye ndi Doc Hopper, mwini malo odyera ogulitsa miyendo ya achule. Hopper akufuna Kermit azitsatsa malonda ake. Kermit akana, chifukwa kuvomera kukadakhala kugulitsa abale ake kuti iye alemere. Uwu ndi mkangano wa munthu ndi munthu mnzake. Kumbukirani kuti Henson mwini adayamba ndi kutsatsa khofi, kotero funso loti waluso angadzigulitse mpaka pati lidali lakenso.

Mkangano wachiwiri ndi wa mumtima. Galimoto itafa m'chipululu, Kermit ayenda yekha usiku akudziimba mlandu wosokeretsa anzake. Pamenepo timaona achule awiri ofanana akukambirana, kusonyeza munthu amene akulimbana ndi maganizo ake. Mapeto ake azindikira kuti anzakewo sadatsate iye koma loto limene onse ali nalo, ndipo kuti lonjezo lalikulu adalipanga kwa iye mwini.

Pampondachimera ndi pamene Kermit aleka kuthawa n'kuima maso ndi maso ndi Hopper m'tauni yabwinja, wopanda chida. Apa mpamene filimuyi ikufooka. Mawu a Kermit samusintha Hopper. Chimene chipulumutsa gululo ndi Animal, woimba ng'oma, yemwe wameza mankhwala okulitsa thupi n'kusanduka chimphona. N'zoseketsa ndithu, koma mkangano wathetsedwa ndi mwayi osati ndi zochita za mtengambali wamkulu. Mukaona mathero oterewa m'buku lililonse muli ndi ufulu wowadzudzula, bola mupereke chifukwa.

Chiphiphiritso mu Fraggle Rock

Fraggle Rock, yomwe idaulutsidwa kuyambira 1983 mpaka 1987, ili ndi mitundu itatu ya zolengedwa. A Gorg ndi zimphona zolima ndiwo yamizu yotchedwa radish. A Fraggle amakhala m'mapanga ndipo amatenga radish m'munda wa a Gorg, omwe amawaona ngati mbava zowononga mbewu. A Doozer ndi tizolengedwa tating'ono takhama tomwe timapera radish n'kumangira nsanja, ndipo a Fraggle amadya nsanjazo. M'chigawo china Mokey, mmodzi wa a Fraggle, aona kuti kudya ntchito ya ena ndi nkhanza, ndipo achititsa anzake kulumbira kuti aleka. Posakhalitsa mapanga adzaza ndi nsanja, a Doozer asowa pomanga, ndipo ayamba kukonzeka kusamuka.

Apa radish ndi chiphiphiritso cha kudalirana kwa anthu amene sadziwa kuti amadalirana. Paja lende n'kukankhana. Taonani kuti Mokey walakwa chifukwa cha chifundo, osati nkhanza. Adafuna kuthandiza a Doozer asadawafunse zimene iwo akufuna. Phunziro lotere ndi lozama kuposa lija timangoti "tizikondana", ndipo latuluka m'zochita za atengambali popanda wina kuima n'kulalikira.

Pamene Henson adapunthwa

Wosanthula wabwino sangotamanda. Mu The Dark Crystal, Henson ndi Frank Oz adapanga dziko lonse lopeka momwe simuoneka munthu ngakhale mmodzi. Zomera, nyama ndi zilombo zotchedwa Skeksis, zojambulidwa ndi Brian Froud, n'zogometsa. Komabe mtengambali wamkulu, Jen, ndi wozizira. Ntchito yobwezera chidutswa cha mwala pamalo pake waipatsidwa ndi ulosi. Si chinthu chimene mtima wake ukulakalaka monga mmene Fozzie amalakalakira kuseketsa. Nkhope yake yosalala, yofanana ndi ya munthu, imauza woonera zochepa kuposa nsalu ya Kermit. Poyamba a Skeksis ankayankhula chiyankhulo chopeka, koma anthu oyamba kuonetsedwa filimuyi adasokonezeka, moti mawu adajambulidwanso m'Chingerezi. Apa luso la manja lidaposa luso la nkhani. Nayo Labyrinth siidayende malonda ku America itangotuluka, ngakhale idadzakondedwa pambuyo pake, ndipo idali filimu yaitali yomaliza imene Henson adatsogolera.

Chofooka chachiwiri chikukhudza akazi. Mu The Muppet Show atengambali aakazi ndi ochepa, ndipo wodziwika kwambiri, Miss Piggy, ankaseweredwa ndi mwamuna, Frank Oz. Zinthu zidasinthako mu Fraggle Rock, momwe awiri mwa a Fraggle asanu otsogolera, Red ndi Mokey, ndi aakazi oseweredwa ndi akazi.

Chachitatu ndi malonda. Atengambali omwe ana amawakhulupirira ndi omwenso amasindikizidwa pa zovala ndi zoseweretsa zogulitsa. Ena amati ndalamazo zidathandiza kuyendetsa pulogalamu yophunzitsa ana; ena amati chikondi cha mwana chisasanduke msika. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo pa funso lotere mumapeza malikisi chifukwa cha mmene mwatetezera mbali imene mwasankha.

Kodi mtengambali amafa ndi mwini wake?

Pamwambo wokumbukira Henson, womwe udachitika pa 21 Meyi 1990 m'tchalitchi chachikulu cha St. John the Divine ku New York, Big Bird adaimba nyimbo ya Kermit yotchedwa Bein' Green, yonena za kudzilandira mmene ulili. Aliyense ankadziwa kuti m'kati mwa nthengazo muli munthu, Caroll Spinney, koma anthu adalira ngati akumva mwana amene wataya kholo. Funso limene lidatsala lidali lakuti, kodi Kermit nayenso wafa?

Sadafe. Steve Whitmire adamusewera kuyambira 1990 mpaka 2016, ndipo Matt Vogel adatenga udindowo mu 2017. Kampani ya Disney idagula Kermit ndi anzake a mu The Muppet Show mu 2004. Otsatira ena amadandaula kuti mawu ndi mtima wa Kermit sizilinso monga kale, ndipo dandaulo lawolo likutsimikiza mfundo yathu. Maonekedwe a chule sadasinthe kwenikweni. Chimene akuchisowa ndi khalidwe.

Tisaiwalenso kuti mutu umodzi susenza denga. Jerry Juhl adalemba mawu ambiri amene zidolezi zinkayankhula, Don Sahlin adasoka zambiri mwa izo, ndipo Joe Raposo ndiye adapeka nyimbo ija. Chigawo chotchuka cha Sesame Street cha mu 1983, momwe akuluakulu akufotokozera Big Bird kuti mnzake Mr. Hooper wamwalira ndipo sadzabweranso, chidalembedwa ndi alembi a pulogalamuyo Will Lee, yemwe ankasewera Mr. Hooper, atamwaliradi mu 1982. Cholowa cha Henson si zidole zimene adazigwira ndi manja ake zokha, koma njira imene ena adaiphunzira n'kuipititsa kwina.

Njirayi idafika ngakhale kuno kummwera kwa Africa. Mu 2002, patatha zaka 12 Henson atamwalira, pulogalamu ya Takalani Sesame ya ku South Africa idabweretsa Kami, chidole cha mtsikana wamasiye wa zaka zisanu yemwe ali ndi HIV. Dzina lake lidachokera ku liwu la Chitswana lotanthauza kulandira. Opanga ake sadamupange wodwalika kapena womvetsa chisoni. Ndi mwana wansangala wokonda kusewera, ndipo anzake amadya ndi kusewera naye. Nkhani imene akuluakulu ankachita nayo manyazi idatheka kukambidwa ndi ana kudzera mwa mtengambali wansalu, monga mmene makolo athu ankadzudzulira mfumu yadyera podzera mwa Fisi.

Henson mwini ankalemekeza nthano. Mu The Storyteller, yomwe idayamba mu 1987, John Hurt amakhala pafupi ndi moto n'kumakamba nthano zakale za ku Ulaya, galu wake akumudula mawu, kumufunsa ndi kumutsutsa. Galuyo akugwira ntchito ya omvera aja amayankha kuti "tili tonse". Popanda womvera wovomera kukhulupirira, wokamba nthano ndi woseweretsa chidole onse alibe ntchito.

Choncho mukakumana ndi mtengambali aliyense pa mayeso, dzifunseni zinthu zitatu. Akufuna chiyani? N'chiyani chikumutchinga, kunja kapena mumtima mwake? Wachita chiyani chimene ndingachipereke ngati umboni? Mukayankha mafunso atatuwa, ndime yanu yakwanira.

Mafunso

1. Fotokozani njira ziwiri zimene Henson adasinthira masewero a zidole pa wailesi yakanema.
2. Perekani makhalidwe awiri a Fozzie ndi umboni wa khalidwe lililonse.
3. Siyanitsani mkangano wa Kermit ndi Doc Hopper ndi mkangano umene ukuoneka m'chipululu.
4. Kodi radish akuimira chiyani mu Fraggle Rock? Fotokozani.
5. N'chifukwa chiyani Jen akuoneka wofooka poyerekeza ndi Kermit?
6. Sankhani mtengambali mmodzi m'sewero limene mukuwerenga m'kalasi. Lembani ndime imodzi yofotokoza chofuna chake, chofooka chake ndi umboni wa zochita zake.